Asanavale mkanjo wakuda, ayambe wayankha!

Anzanga, ndaona chinthu ndipo sindingathe kukhala nacho chete. Ndaonera mmene anthu a ku America amamupanikizira munthu ndi mafunso asanamulole kukhala jaji wa khoti lawo lalikulu la Supreme, ndipo mpaka pano mtima wanga sunabwerere m'malo! Ndinene poyera kuti ndinayamba ndi kukayika. Ndinkati za makhoti n'za maloya, mawu ake ataliatali, nkhope zake zosaseka. Ndinkatinso za ku America n'za eni ake, ine zindikhudza pati? Koma kukayika kwanga kwakukulu kunali kwakuti zonsezi n'zongoonetsa, pulezidenti akaloza munthu ndiye kuti nkhani yatha, ena onsewo ndi oombera m'manja chabe. Mnzanga wina atanditumizira pa foni kanema wa zokambirana za mu Malichi 2022, ndinati ndingosuzumira pang'ono. Koma abale, kusuzumira kwake kumeneko! Tiyi anazizira m'kapu ine ndili dwii, bando ikutha ndikugula ina, osafuna kuti ndiphonye ngakhale funso limodzi.

Choyamba kundigwira mtima chinali tebulo. Tebulo limodzi lokha pakati pa chipinda chachikulu cha m'nyumba ya Hart ku Washington, pamwamba pake maikolofoni, madzi akumwa ndi pepala lolembapo, basi. Pamenepo pakhala munthu mmodzi, mayi Ketanji Brown Jackson, okhaokha. Kutsogolo kwawo, pa mipando yokwezeka, maseneta, aphungu a nyumba ya malamulo ya Senate, okwana 22 akuwayang'ana kuchokera pamwamba. Pakati pa iwo ndi masenetawo, ojambula zithunzi adzazana pansi, ena akhala, ena agwada, wina kamera yake ili pa phewa la mnzake. Mayiwa atangoimirira n'kukweza dzanja lamanja kuti alumbire kuti anena zoona, makamera onse analirira pamodzi, tcheketcheketcheke, phokoso losalekeza. Thupi langa linachita tsembwe! Taganizani, munthu amene mawa lake adzakhale woweruza wa dziko lonse, lero ndi iye wakhala pansi, ndi iye walumbiritsidwa, ndi iye akuyankha. Kumbuyo kwawo makolo awo okalamba akhala phee, amuna awo ali pompo, ana awo ali pompo, dziko lonse likuonera pa wailesi ya kanema.

Ndinadzifunsa kuti kodi khama lonseli n'lachiyani pa ntchito ya munthu mmodzi? Nditafufuza ndinagwira pakamwa. Majaji a khotili alipo 9 okha m'dziko la anthu oposa 330 miliyoni. Ndipo akakhala pampando, akhala! Malamulo oyendetsera dzikolo, amene analembedwa ku Philadelphia mu 1787, amati jaji akhale pa udindo malinga ngati akusunga khalidwe labwino, ndiye kuti mpaka atafuna yekha kupuma kapena imfa itamutenga. Zaka zopumira palibe. Malipiro ake palibe angawachepetse. Pulezidenti amene anamusankha sangamuchotse, ngakhale jajiyo atagamula mlandu momukhumudwitsa chotani. William O. Douglas anakhalapo zaka 36, kuyambira 1939 mpaka 1975. Zaka 36, anzanga! Njira yochotsera jaji ilipo, koma sinachotsepo ndi mmodzi yemwe wa khotili. Samuel Chase anaimbidwa mlandu mu 1804, Senate n'kumupeza wosalakwa mu 1805, anabwerera pampando wake. Ndipo anthu 9 amenewa sagamula za nkhuku yobedwa. Ndi khotili limene mu 1954 linathetsa lamulo losiyanitsa sukulu za ana akuda ndi azungu. Ndi lomweli limene mu 2000 linaimitsa kuwerenganso mavoti ku Florida, George W. Bush n'kukhala pulezidenti. Ndi lomwelinso limene mu 2022 linafafaniza chigamulo cha 1973 pa nkhani yochotsa mimba. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake amamufunsa munthu mpaka thukuta. Mwayi womufunsa ndi umodzi wokhawo, akadutsa pamenepo sadzamufunsanso.

Ndiye ndinati ntchito yotereyi iyenera kuti ili ndi buku lonse la zoyenereza. Ha! Malamulo aakuluwo amangonena m'chiganizo chimodzi kuti pulezidenti atchule dzina, ndipo Senate ikapereka uphungu ndi chilolezo, munthuyo aikidwe. Zatha! Za msinkhu sanenapo, za digiri sanenapo, ngakhale zoti akhale wobadwira m'dzikomo sanenapo. James F. Byrnes, amene Franklin Roosevelt anamusankha mu 1941, anasiya sukulu ali ndi zaka 14 n'kuphunzira zamalamulo akugwira ntchito. Ngakhale nambala ya 9 ija simupezeka m'malamulo aakuluwo. Mu 1789 majaji anali 6, nambalayo inasinthasintha mpaka nyumba ya malamulo ya Congress inaikhazika pa 9 mu 1869. Roosevelt yemweyo mu 1937, atatopa ndi majaji okana mapulani ake, anafuna kuwonjezera kuti afike mpaka 15, koma a chipani chake chomwe anamukanira. Ndipo pulezidenti sangadziwe kuti adzasankha angati, chifukwa amadikira kuti mpando ukhale wopanda munthu. Jimmy Carter analamulira zaka zinayi osasankha ndi mmodzi yemwe. Donald Trump anasankha atatu pakati pa 2017 ndi 2020. Zodabwitsa bwanji!

Tsopano tibwere pa kukayika kwanga kuja, koti pulezidenti amangoloza. Kuloza amalozadi, koma tamvani zimene zimatsatira. Jaji Stephen Breyer analengeza mu Januwale 2022 kuti akupuma. Pulezidenti wa nthawiyo, Joe Biden, anali atalonjeza pa kampeni kuti adzasankha mayi wachikuda, ndipo pa 25 Febuluwale anatchula mayi Jackson. Apo ndiye ntchito inayamba kumene. A FBI amalowa m'moyo wa wosankhidwayo, kufunsa amene anagwira naye ntchito, amene anakhala naye pafupi, kuona za ndalama zake. Komiti ya Senate yoona za makhoti imamupatsa mafunso olemba, ofuna kudziwa ntchito iliyonse imene anagwira, milandu imene anagamula, nkhani zimene analemba, ngakhale mawu amene anayankhula pa misonkhano zaka zambiri zapitazo. Bungwe la maloya la American Bar Association limamupima n'kunena ngati akuyenera, ndipo mayi Jackson linawapatsa mulingo wapamwamba kwambiri. Kenako pamabwera chimene chinandisangalatsa koposa: wosankhidwayo amayenda ofesi ndi ofesi kukaonekera kwa maseneta, mmodzimmodzi, ngati mnyamata wofunsira mbeta amene ayenera kuonekera kwa amalume onse, omukonda ndi omukayikira omwe. Maseneta alipo 100, awiri kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo 50, ndipo mayiwa anakumana ndi pafupifupi onse, akuperekezedwa ndi Doug Jones amene kale anali seneta wa Alabama. Kuseri, ku White House, anthu amayeserera kukhala maseneta ankhanza, n'kumamuponyera wosankhidwayo mafunso owawa maola ambirimbiri kuti azolowere moto asanauone weniweni. Inu, ntchito imeneyi saipeza chogona!

Masiku a mafunso anali anayi, kuyambira pa 21 mpaka pa 24 Malichi. Tsiku loyamba ndi la malonje, maseneta amayankhula, wosankhidwa amadzifotokoza. Lachiwiri, mayo ine! Seneta aliyense ali ndi mphindi 30, ndipo alipo 22, kuyamba m'mawa mpaka usiku. Lachitatu abwereranso, mphindi 20 aliyense. Lachinayi ndi la mboni zakunja, zoyamikira ndi zotsutsa. Wapampando, Dick Durbin wa ku Illinois, ali ndi kanyundo kake, akagogoda ndiye kuti nthawi yatha, wina alowe. Ndipo mafunso ake si osisita. Mayi Jackson anagwirapo ntchito ya loya amene boma limalipira kuti aziimira anthu osowa ndalama zolembera loya, ndipo ena mwa amene anawaimira anali akaidi a ku Guantanamo. Anafunsidwa za zimenezo mobwerezabwereza. Josh Hawley wa ku Missouri anakakamira pa zilango zimene mayiwa anapereka, ali jaji wa khoti lina, kwa anthu opezeka ndi zithunzi zolaula za ana, akuti zinali zofewa. Lindsey Graham anakweza mawu, kudula mayankho, mpaka kutuluka m'chipinda. Ine pano manja ali thukuta, ngakhale ndikudziwa kale mmene zinathera!

Pali kanthawi kena kamene ndakabwereza pa foni mosatopa. Ted Cruz wa ku Texas anatulutsa zithunzi zikuluzikulu za m'buku la ana lonena za tsankho, n'kuwafunsa mayiwa ngati akugwirizana ndi zimene bukulo limaphunzitsa. Mayi Jackson anatchula mawu amodzi, kenako anaima. Anapuma mpweya wautali, mutu utapendekeka pang'ono, maso ali pa wofunsayo, chipinda chonse chili zii. Masekondi angapo chabe, koma ndinamva kulemera kwake pachifuwa panga. Umachita kuona munthu akumeza mawu ena n'kusankha ena. Kenako anayankha mofatsa, mawu osanjenjemera. Abale, kudziletsa kotereku sindinakuonepo pafupi chonchi! Ndiye tsiku lachitatu madzulo, Cory Booker wa ku New Jersey sanafunse funso, anangowayankhula za chimwemwe chake powaona pamenepo, akutchula amayi ake ndi makolo akale amene sanaloledwe kufika pamalo oterowo. Mayi amene anapirira maola onsewo osagwedezeka anatenga kapepala n'kupukuta misozi. Inenso m'maso munadzadza.

Kukayika kwina kunandibwerera pakati pa kuonera. Ndinaona kuti pa mafunso ena akuluakulu, monga a mimba, mfuti, kapena ngati majaji awonjezedwe, mayiwa sankanena maganizo awo. Ndinati nanga phindu lake n'chiyani ngati munthu akuzemba? Koma nditamvetsera bwino ndinaona nzeru yake. Jaji akalonjeza lero mmene adzagamulire mlandu wa mawa, ndiye kuti wodzabwera ndi mlanduwo wagonja asanatsegule pakamwa. Ruth Bader Ginsburg anakana chimodzimodzi mu 1993, ndipo osankhidwa a mbali zonse amatsata njira yomweyo. Ena zimawakwiyitsa ndithu, amati mafunsowo asanduka sewero, ndipo ndikuwamvetsa. Koma ine ndinapeza kuti ngakhale munthu asakuuze mmene adzagamulire, maola ochuluka chonchija amamuvula. Umaona mmene amaganizira, mmene amawerengera lamulo, ngati amapsa mtima msanga, ngati amamvetsera funso mpaka kumapeto. Khalidwe silibisika maola onsewo, ndithu silibisika.

Ndipo mukudziwa kuti mwambo umenewu si wakalekale? Ndinadabwa! Kwa zaka zoposa 100 osankhidwa sankaonekera n'komwe. Mu 1916, pa Louis Brandeis, komiti inamva mboni poyera koma mwini wake sanapite. Woyamba kukayankha yekha anali Harlan Fiske Stone mu 1925, ndipo kuyambira pa John Marshall Harlan mu 1955 ndi pamene zinakhala za aliyense. Makamera a wailesi ya kanema analowa mu 1981, pa Sandra Day O'Connor, mayi woyamba kukhala jaji wa khotili, amene anadutsa ndi mavoti 99, wokana palibe. Thurgood Marshall, loya amene anapambana mlandu wa sukulu wa 1954 uja, anapanikizidwa ndi maseneta a kummwera mu 1967, koma anadutsa 69 kwa 11 n'kukhala jaji wachikuda woyamba. Nanga kukana, amakanadi? Eya, amakana! Ngakhale George Washington weniweniyo anakanidwa. Mu 1795 Senate inakana John Rutledge, amene Washington anafuna kuti akhale mkulu wa majaji, atayankhula modzudzula pangano limene dzikolo linachita ndi Britain. Mu 1987 Robert Bork, wosankhidwa ndi Ronald Reagan, munthu wophunzira kwambiri, anayankha momasuka za maganizo ake, ndipo anagwa ndi mavoti 42 kwa 58. Oombera m'manja aja ndinkawaganizira, sindinawapeze.

Za mayi Jackson zinafika pothina. Komiti itavota, zinathera 11 kwa 11, moti panafunika voti ina ya Senate yonse kuti dzina lawo lituluke m'komitimo. Ndiye pa 7 Epulo 2022 linafika tsiku lenileni. Onerani gawo limeneli, chonde, onerani! Maseneta ambiri akhala pa madesiki awo, mlembi akuitana mayina motsata zilembo, iwo akuimirira mmodzimmodzi kunena eya kapena ayi. Palibe kubisala, voti yako imamveka ndi dzina lako. Atatu a chipani cha Republican, Susan Collins, Lisa Murkowski ndi Mitt Romney, anavomera pamodzi ndi a Democrat. Seneta mmodzi anachedwa, nyumba yonse n'kumamudikira, anthu akunong'onezana, ine mtima ukugunda ngakhale zotsatira ndikuzidziwa. Wotsogolera zokambirana anali wachiwiri kwa pulezidenti, Kamala Harris, mayi wachikuda woyamba pa udindo umenewo, ndipo ndi iye anawerenga kuti 53 kwa 47. Mawu ake anamveka kuti akudzigwira. Kuomba m'manja kunaphulika, ena ataimirira, pamene ambiri a mbali inayo ankatuluka. Khoti limene linayamba kukhala mu 1790 linali litapeza jaji wake woyamba wamkazi wachikuda.

Sindikubisirani, anzanga, pali chimene chinandiwawa, ndipo kukayika kumeneku sikunathe konse. Ndale zalowamo kwambiri. Tayang'anani manambala: Antonin Scalia anadutsa 98 kwa 0 mu 1986, Ginsburg 96 kwa 3 mu 1993, koma Brett Kavanaugh anadutsa 50 kwa 48 mu 2018. Kale pankafunika maseneta 60 kuti atseke mtsutso voti isanachitike, koma mu 2017, pa Neil Gorsuch, a Republican anasintha lamulolo, tsopano ongoposa theka akwanira. Nkhani ya Merrick Garland ndiye inandiumitsa pakamwa. Scalia atamwalira mu Febuluwale 2016, Barack Obama anatchula Garland mu Malichi, koma Mitch McConnell, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa a Republican mu Senate, anati chisankho chayandikira, anthu asankhe kaye pulezidenti. Garland sanaitanidwe n'komwe pa tebulo lija, anadikira masiku 293 mpaka kusankhidwa kwake kunatha mphamvu. Kenako Ginsburg anamwalira pa 18 Seputembala 2020, ndipo Amy Coney Barrett anavomerezedwa pa 26 Okutobala, kutatsala masiku 8 kuti chisankho chichitike. Izi zinandipweteka, chifukwa chimene ndachikonda pa dongosololi ndi kuyankha pamaso pa anthu, ndipo Garland anamanidwa mwayi umenewo. Komabe taonani, ngakhale zoipazi zinachitikira poyera. Timadziwa amene anatsekereza, tsiku lake ndi chifukwa chimene anapereka, ndipo ovota akhoza kumufunsa.

Voti ikatha sikuti watha ulendo. Pulezidenti amasaina chikalata, kenako pali malumbiro awiri, lina loteteza malamulo oyendetsera dziko, lina la ujaji, limene mwa zina limalonjeza kuweruza mosayang'ana nkhope ndi kuchitira chilungamo osauka ndi olemera mofanana. Pa 30 Juni 2022 mayi Jackson analumbira, amuna awo atanyamula Mabaibulo awiri. Lumbiro loyamba anawalumbiritsa ndi mkulu wa majaji John Roberts, lachiwiri ndi Breyer, yemwe uja ankapuma, amene mayiwa anamugwirirapo ntchito yothandizira ali loya wachitsikana. Mphunzitsi kulumbiritsa wophunzira wake kuti akhale pampando wake womwe! Anakhala jaji wa nambala 116 chiyambire. Ndipo tamvani ichi: majaji 9 aja akakumana kukambirana milandu, m'chipindamo simulowa wina aliyense, ngakhale mlembi. Ndiye wina akagogoda pakhomo, amene amanyamuka kukatsegula ndi jaji watsopano, ndi iyenso amalemba zimene agwirizana. Breyer anagwira ntchito imeneyi zaka zoposa 11! Ndipo asanayambe, onse amapatsana moni wa m'manja, aliyense ndi aliyense, ngakhale amene akatsutsane kwambiri. Zimenezi zinandikoma mumtima.

Nanga kukayika kuja koti ine zindikhudza pati? Ife Amalawi sitifunika kuuzidwa kuti wokhala pampando woweruzira ndi wofunika. Tinaona pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu akufafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo khoti lathu la Supreme linagwirizana nawo pa 8 Meyi chaka chomwecho. Kwathu kuno mkulu wa majaji amasankhidwa ndi pulezidenti n'kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu amene alipo ndipo avota, mulingo wokwera kuposa wa ku America, pamene majaji ena pulezidenti amawaika potsatira malangizo a Judicial Service Commission. Kuonera za ku Washington kwandipatsa njala yofuna kudziwa za kwathu: amene akulowa ndani, anagamulapo zotani, anafunsidwa chiyani.

Choncho anzanga, yesani, ndapota nanu! Makanema onsewa alipo pa YouTube ndi pa C-SPAN, aulere, ongofuna bando. Musayambe ndi tsiku la malonje, pitani pa tsiku lachiwiri la mayi Jackson, muonere seneta mmodzi wowakonda ndi mmodzi wowatsutsa motsatizana. Kenako onerani voti ya pa 7 Epulo kuyambira dzina loyamba mpaka lomaliza. Mukakhala ndi nthawi, bwererani kwa Bork mu 1987 muone mmene munthu wanzeru amagwera ndi mayankho ake omwe. Itanani mwana wanu wa ku sekondale amene amati adzakhala loya aonere nanu. Mukatero tidzakhale pansi titsutsane, chifukwa eni akenso akutsutsana: mu 2024 Biden anapereka ganizo loti majajiwa azikhala zaka 18 zokha m'malo mwa moyo wonse. Ine ndayamba kupendekera ku zaka 18, kuti tebulo la mafunso lizikonzedwa kawirikawiri ndipo pasakhale pulezidenti wodalira maliro kuti asankhe jaji. Koma mwina inu mudzandiuza kuti mpando wa moyo wonse ndi umene umamuchotsa jaji mantha. Kaonereni kaye, mudzabwere ndi yankho lanu!